Kodi mahomoni amachepetsa mapazi ndi manja? Zomwe tepi yanga inandionetsa

Atsikana anzanga akamva kuti ndatha zaka ndikumwa mahomoni, mankhwala osintha thupi kuti lioneke lachikazi, mafunso sasowa. Ena amafunsa za mabere, ena za ndevu, ena za mawu. Koma funso lomwe limabwera mobwerezabwereza, kawirikawiri usiku pa WhatsApp munthu atayamba wazungulira ndi moni wautali, ndi ili: "Sisi, nanga mapaziwa adzachepa?" Ena amatsatiza chithunzi cha dzanja, zala atazitambasula pachitenje, n'kulemba kuti taonani mmene lililimu.

Yankho langa silisintha, ndipo ndikufuna ndilifotokoze mofatsa kuti lifikenso kwa amene sangalimbe mtima kufunsa. Mafupa a munthu wamkulu sachepa ndi mahomoni. Zomwe zimasintha ndi zimene zakuta mafupawo, ndiye kuti minofu, mafuta, madzi ndi khungu. Kusinthako kulipo ndithu, ine ndakuona pathupi langa, koma n'kochepa, kumabwera pang'onopang'ono, ndipo sikufulumira chifukwa choti munthu wawonjezera mapiritsi. Mfundo yomalizayi ndi imene yandilembetsa, chifukwa mnzathu wina anatsala pang'ono kutisiya.

Ine ndine telala kuno ku Salima. Ndinabadwa ndi thupi lachimuna, koma kuyambira ndili wamng'ono ndinkadziwa mumtima mwanga kuti ndine mkazi. Dzina langa ndi khonde lomwe ndimasokerapo sinditchula. Nonse mukudziwa mmene zinthu zilili m'dziko muno. Mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti ndime zoletsa amuna okhaokha kugonana zikhalebe, ndipo anthu ambiri nkhani imeneyo ndi yathuyi amangoziphatikiza. Koma ntchito yanga ndaitchula dala. Telala sakhulupirira maso. Kasitomala akandiuza kuti waonda, ine ndimatenga tepi. Ndiye thupi langa litayamba kusintha, ndinachita nalo zomwe ndimachita ndi thupi la wina aliyense wobwera kudzasoketsa.

Mahomoni ndinayambira ku Johannesburg, komwe ndinkagwira ntchito yosoka makatani. Adokotala amene ankandiona, mayi wachikulire ndithu, anandiyeza magazi ndi BP, anandifunsa ngati ndimasuta fodya, komanso ngati kumtundu kwathu kuli amene anadwalapo matenda a magazi kuundana m'mitsempha. Atatero anandilembera mankhwala a mitundu iwiri: estradiol, yomwe ndi homoni yachikazi yofanana ndi imene thupi limapanga lokha, ndi spironolactone, amene amatchinga mphamvu ya testosterone, homoni yachimuna. Anandipatsanso pepala losonyeza zoyembekezera. Khungu kufewa, minofu kuchepa, mafuta kusamukira m'chiuno ndi m'ntchafu, mabere kuyamba kumera, zonsezi zimayamba pakadutsa miyezi 3 mpaka 6. Minofu imafika pothera kusintha pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, mabere ndi mafuta zaka ziwiri kapena zitatu. Mawu sasintha. Pepalalo ndinaliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi kufunafuna mapazi, koma munalibe.

"Adokotala, nanga mapazi ndi manja?" ndinafunsa.

Anandiuza kuti ndiike dzanja patebulo, n'kuyamba kundigwira mfundo za zala imodziimodzi. "Apa ndi fupa, apanso ndi fupa. Izi zikhala chomwechi. Koma apa," anatsina mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, "apa pasintha."

Zomwe anandifotokozera tsiku limenelo ndi zimene ndimauza aliyense. M'phazi limodzi muli mafupa 26, m'dzanja muli 27. Mwana akamakula, chakumapeto kwa mafupa ataliatali kumakhala kachigawo kofewa komwe fupa limakulira. Munthu akatha msinkhu kachigawoko kamauma n'kusanduka fupa lenileni, kutalika n'kuthera pomwepo. Mapazi a atsikana amasiya kukula cha m'ma zaka 14, a anyamata cha m'ma 16, ndipo zaka zowonjezerazo pamodzi ndi testosterone ndi zimene zimasiya phazi lalitali ndi dzanja lotambalala. Chinandidabwitsa n'choti homoni imene imatseka tizigawo timeneti ndi yachikazi yomweyo, yotchedwa estrogen (estradiol ndi mtundu wake umodzi), ngakhale mwa anyamata, chifukwa thupi limasandutsa gawo lina la testosterone kukhala estrogen. Imatseka, koma sibweza zomwe zinakula kale. Nyumba ukhoza kuipala dothi, kuizira bwino n'kuikongoletsa mpaka anthu kuiiwala, koma nsanamira zimakhala pomwe anazikumbira.

Madzulo ake ndinang'amba katoni ya sopo, n'kuimapo, n'kuzunguliza phazi ndi cholembera. Amene mukufuna kudziwa zoona za thupi lanu, chitani zomwezi, koma muzichita mwa njira imodzi nthawi zonse. Muziyeza mutaimirira, thupi lonse litatsamira paphazipo, chifukwa phazi lopondedwa limatambasuka. Cholembera chiime chilili, chisapendekere mkati. Muziyeza madzulo, popeza phazi la m'mawa ndi locheperako kuposa la madzulo, makamaka kuno kotentha. Yezani mapazi onse awiri, chifukwa anthu ambiri lina limakhala lalikuluko. Ine ndinkalemba kutalika kuchokera kuchidendene kufika kuchala chotalika, kenako n'kuzunguliza tepi pomwe zala zimayambira, pamwamba pomwe pamadutsa zingwe za nsapato, ndi mu akakolo. Pakatoniyo ndinkalembapo mwezi, n'kuisunga pansi pa nsalu mu sutikesi.

Makatoni amenewo ndinabwera nawo kuno ndipo ndikadali nawo. Ndikawasanjikiza, chidendene ndi chala chachikulu zimagwera pamodzimodzi. Phazi langa linali masentimita 26 ndi theka, ndipo mpaka lero ndi masentimita 26 ndi theka. Pomwe tepi inasuntha ndi mozungulira. Pomwe zala zimayambira panachepa ndi mamilimita angapo, pamwamba pa phazi panachepa pafupifupi sentimita imodzi. N'zochepa pakamwa, koma m'nsapato zimamveka. Nsapato yachikopa yomwe inkandithina m'mbali inayamba kulowa bwinobwino, ndipo patapata wina amene lamba wake ankandisiyira mzere pakhungu anayamba kukhwepa.

Kusinthaku kunabwera pawiri, ndipo n'kofunika kusiyanitsa. Koyamba kunabwera msanga, m'masabata oyambirira. Spironolactone poyambirira penipeni ndi mankhwala okodzetsa, amene madokotala amapatsa odwala mtima, chiwindi ndi BP kuti achotse madzi ndi mchere m'thupi. Ndinkadzuka usiku kukataya madzi, ndinkalakalaka zamchere, ndipo mapazi anaphwa. Anthu ambiri akaona zimenezi amathamangira kulengeza kuti phazi lachepa ndi mahomoni, pomwe achoka ndi madzi chabe, amene amabwerera ukasiya mankhwalawo. Kwachiwiri kunatenga chaka n'kupitirira, ndipo ndi kuja kwa minofu. Paphazi ndi m'mwendo pali minofu ndithu, ndipo testosterone ikatsika minofuyo imaphwerako. Kuonda kapena kunenepa nakonso kumalowererapo. Nditabwerera kumudzi n'kuyambanso kudya nsima ya amayi ndi mpunga wa ku Lifuwu, thupi linabwera, ndipo tepi ya pamwamba pa phazi inabwererako pang'ono kumene inachokera.

Nanga aja amalemba pa Facebook ndi TikTok kuti atsika ndi manambala awiri? Sindikuti onse akunama. Munthu amene anali wonenepa kwambiri, kapena amene ankagula nsapato yaikulu chifukwa phazi linali lotambalala, akhoza kutsikadi ndi theka kapena nambala imodzi. Koma zambiri zimasokonekera pa manambala enieniwo, ndipo ife ogula pa kaunjika ndi amene timasokonezeka kwambiri. Nsapato za m'belo zimachokera m'mayiko osiyanasiyana, lililonse ndi kawerengedwe kake. Pa kawerengedwe ka ku Britain, komwe tinazolowera kuno, nambala imodzi ndi mamilimita pafupifupi 8 ndi theka. Pa ka ku Ulaya, aja a 38, 40, 42, nambala imodzi siikwana n'komwe mamilimita 7. Ku America nsapato za amuna ndi za akazi amaziwerenga mosiyana. Phazi langa lomweli ndi 8 pa kawerengedwe ka ku Britain, 42 pa ka ku Ulaya, 9 pa nsapato yachimuna ya ku America, ndipo 10 kapena kuposerapo pa yachikazi ya komweko. Wonjezerani kuti kampani iliyonse ili ndi chikombole chake, ndiponso kuti nsapato ya pa kaunjika wina anaivala kale mpaka kuitanula.

Tsiku lina pamsika mnyamata wogulitsa anandiyalira nsapato zitatu pa saka. "Anti, yesani zonse, musayang'ane nambala," anatero. Zonse zitatu zinandikwana. Ina mkati munalembedwa 41, ina 42, ina 10. Ndikanagula ya 41 yokha n'kupita kunyumba, bwenzi ndikuuza anthu kuti phazi langa lachepa. Chiyambire pamenepo ndimayenda ndi kakatoni kodulidwa molingana ndi phazi langa m'chikwama. Ndikaona nsapato ndimakalowetsa mkati, kakapindika ndimaisiya pomwepo. Si nzeru yatsopano. Amayi ankatiyeza ndi kamtengo akamapita kukatigulira nsapato za Khirisimasi.

Manja ndi amene anasintha mooneka kuposa mapazi, ngakhale tepi sinanene zambiri. Kutalika kwa zala ndi kutambalala kwa chikhatho zili mmene zinalili. Chibangiri chachitsulo chomwe chinkafuna sopo kuti chidutse pa mfundo za dzanja chimafunabe sopo mpaka lero, chifukwa pamenepo ndi mafupa okhaokha. Koma mphete inayamba kuzungulira pachala, ndipo nthawi ya mwera, June ndi July, imafuna kuvuka ndikamachapa. Mu October imagwiranso bwino. Mphete imakuphunzitsa kuti chala chimatupa ndi kuphwa malinga ndi nyengo, ndi zomwe wadya, ndi ntchito yomwe wagwira tsikulo.

Chomwe anthu amaona, n'kumati manja achepa, ndi khungu. Kale kuseri kwa dzanja langa mitsempha inkaonekera patali, yotukuka, ndipo tizingwe topita ku zala tinkachita kuwerengeka. Estrogen imaika kamafuta kochepa pansi pa khungu, ndiye zonsezo zimakwiririka, dzanja n'kumaoneka losalala. Ndikafinya zochapa kapena dzuwa likaswa mtengo mitsempha ija imatukukanso, ndipo n'chimodzimodzi ndi mkazi wina aliyense. Tsitsi la pazala ndi pamkono linayamba kupyapyala mochedwa, chaka chitatsala pang'ono kutha, ndipo silinathe lonse. Khungu linafewa, thukuta ndi mafuta a pakhungu zinachepa. Izi zili ndi mbali yake yowawa. Singano yomwe kale inkangogunda pachala n'kubwerera tsopano imalowa. Ndikachapa ndi sopo waufa zala zimauma mpaka kung'aluka m'mbali mwa zikhadabo. Ndikapita kukathandiza amayi kumunda matuza sachedwa. Ndimasakaniza gilisalini ndi vaselini m'kabotolo, n'kumadzola ndikangochoka pamadzi komanso pogona.

Mphamvu nazo zinatsikako, ndipo pantchito yanga ndinazimva msanga. Kudula jinzi yopinda kanayi ndi sizasi kunayamba kundipweteka pachala chachikulu. Mutu wa makina, womwe ndimaunyamula m'mawa uliwonse kupita nawo pakhonde, unayamba kulemera. Chigubu cha malita 20 chomwe ndinkachinyamula ndi dzanja limodzi tsopano ndimachisenza pamutu. Ena amasangalala nazo n'kusiya dala ntchito zolemetsa kuti manja afewe msanga. Ine sindigwirizana nazo. Manja amenewa ndi amene amandidyetsa, ndipo mafupa amalimba ndi ntchito. Ndinanoletsa sizasi, ndinapitiriza kupalasa makina ndi kutunga madzi, ndipo ndimadya usipa ndi minga yake yomwe chifukwa muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Adokotala anandichenjezanso kuti kumwa mankhwala otchinga testosterone okha kwa nthawi yaitali popanda estrogen kumafooketsa mafupa, chifukwa thupi limafuna imodzi mwa mahomoni awiriwa kuti mafupa akhale olimba.

Zikang'a ndi zikhatho zokhakhala musazinamizire mahomoni. Zimabwera ndi mchenga wotentha, khasu, mpini wa mjigo ndi kuyenda chosavala. Zimachoka ndi madzi ofunda, mwala wokhulira ndi mafuta.

Amene anandikhazika mtima pansi pa nkhaniyi si adokotala koma achemwali anga aakulu, omwe amagula usipa ku Senga Bay n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Iwo ndi amene anayamba kundilandira pabanja pathu. Tsiku lina anandipeza ndayala makatoni aja pamphasa, nkhope ili yakugwa. Sanafunse zambiri. Anavula patapata n'kuponda pakatoni yanga. Chala chawo chinatsala pang'ono kufika pamzere, ndipo m'mbali phazi lawo linadutsa.

"Iwe, taona langali. Ndili mtsikana ndinkavala 7. Nditabereka woyamba uja ndinayamba 8, silinabwererenso. Ndiye ukufuna lako lipite kuti?"

Zomwe ananenazo zili ndi umboni. Mu 2013 akatswiri a ku yunivesite ya Iowa ku America anafalitsa kafukufuku amene anayeza mapazi a amayi 49 ali oyembekezera komanso atachira. Ambiri mwa iwo phazi linaphwatalalako n'kutalika ndi mamilimita 2 mpaka 10, makamaka pa mimba yoyamba. Ndiye kuti pa nthawi imene mahomoni achikazi amachuluka kwambiri m'thupi la mkazi, phazi limakula, silichepa. Ndipo ine amene ndimakhalira kuyeza akazi ndinkayenera kungokweza maso. Amayi obwera kudzasoketsa nashonale ya ukwati kapena yunifolomu ya mvano ndimawaona mapazi ndikagwada kuyeza mpendero. Amayi opalasa bwato, oweta mpunga m'matope, oswa miyala, osenza nkhuni kuchokera kuphiri, ali ndi manja olimba ndi mapazi otambalala, ndipo palibe amene amawakayikira. Kaphazi kakang'ono kosongoka komwe timadzizunza nako n'ka pa zithunzi za pa foni.

Ndikudziwa kuti kwa ife nkhaniyi si ya kukongola kokha. Mu minibasi munthu amayang'ana dzanja lako ukamapereka ndalama, kenako n'kukuyang'ana kumaso, ndipo mtima umagunda. Mantha amenewo ndi enieni, sindikuwapeputsa. Koma ndi mantha omwewo amene amapangitsa anthu kuchita zoopsa.

Mnzathu wina wa ku Nkhotakota, wamng'ono kwa ine, analibe mwayi woonana ndi dokotala. Anayamba kumwa mapiritsi olera ogula pakauntala. Ataona kuti miyezi ikutha koma nsapato ndi yomwe ija, wina anamuuza kuti mlingo wachepa, ndiye anayamba kumwa angapo patsiku. Ankasutanso fodya. Usiku wina ananditumizira chithunzi. Mwendo wakumanzere unali utatupa kuchokera mu akakolo kufika m'bondo, khungu likuchita kunyezimira, pomwe wakumanja unali bwinobwino. Anati katumba akupweteka ngati wakokana ndipo akutentha. Ankafuna kuti m'bale wake amusisite ndi mafuta, agone, aone mawa.

"Chemwali, usasisite. Pita kuchipatala pompano, ndipo ukawauze mapiritsi onse amene ukumwa," ndinamuuza pa foni.

Anazengereza chifukwa choopa mafunso, koma anapita. Anamupeza ndi magazi oundana mumtsempha wamkati mwa mwendo. Anamugoneka, anamubaya majakisoni, ndipo anakhala miyezi akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Chowopsa pa matendawa n'choti chibuluma cha magazicho chikhoza kuthothoka n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, ndipo munthu akhoza kufa mwadzidzidzi.

Mapiritsi olera ambiri muli estrogen ya mtundu wina yotchedwa ethinylestradiol, dzinali limalembedwa pa paketi. Kwa mayi amene akumwa piritsi limodzi patsiku kuti alere, atayezedwa kuchipatala, ndi mankhwala abwino pantchito yake. Koma madokotala oona za mahomoni analeka kuwapatsa anthu ngati ife, chifukwa amaundanitsa magazi kwambiri kuposa estradiol, makamaka akamwedwa ambiri, ndipo saoneka pa kuyeza magazi komwe amayezera estradiol, ndiye palibe angadziwe kuti m'thupi achuluka bwanji. Fodya amawonjezera ngoziyo. Ngakhale estradiol yeniyeniyo ili ndi malire. Malangizo a bungwe la madokotala oona za mahomoni la Endocrine Society a mu 2017 amati m'magazi ikhale pakati pa 100 ndi 200 pg/mL, ndipo testosterone ikhale pansi pa 50 ng/dL. Kupyola pamenepo sikupangitsa thupi kusintha msanga, kumangowonjezera ngozi. Ndipo mlingo uliwonse umene mungamwe, fupa la phazi silimva.

Choncho amene mukuyang'anitsitsa mapazi anu tsiku ndi tsiku kudikira kuti achepe, gwiritsani ntchito maso omwewo kuona kutupa. Mwendo umodzi ukatupa, kupweteka kapena kutentha, makamaka kuseri pakati pa bondo ndi chidendene, musadikire kuti kuche. Mukayamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kubaya pachifuwa popuma, kapena kutsokomola magazi, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi mutu waukulu wosazolowereka, kapena mbali imodzi ya thupi kufooka.

Kutupa kwa mapazi onse awiri nthawi zambiri kumakhala kwina. Estrogen imasunga madzi pang'ono m'thupi, ndipo kutentha kwa kunyanja kuno, kukhala pamakina tsiku lonse ndi ndiwo zamchere wambiri zimawonjezera. Ine madzulo ndimagona chagada, miyendo n'kuisanjika pa pilo, m'mawa amakhala ataphwa. Pa ulendo wa basi wochokera ku Joni, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Dedza, mapazi ananditupa mpaka nsapato kukana. Ulendo wokhala pansi nthawi yaitali chonchi umaundanitsanso magazi, ndiye basi ikaima paliponse tsikani muyendeko, mukakhala pampando muzigwedeza mapazi, ndipo musadzimane madzi poopa kukodza. Koma kutupa kukapanda kuphwa, ukadina ndi chala n'kutsala kadzenje, kapena kukafika kumaso, kayezetseni. Kukhoza kukhala impso, mtima, chiwindi, kuchepa kwa magazi, kapena mankhwala ena a BP monga nifedipine ndi amlodipine.

Spironolactone naye amafuna ulemu, makamaka October ndi November kuno ku Salima. Umakodza kwambiri, thukuta likutuluka, ndiye ukadzuka mofulumira pamakina umachita chizungulire. Ndimakhala ndi botolo la madzi pambali pa phazi la makina. Chachikulu n'choti mankhwalawa amasunga mchere wotchedwa potaziyamu m'magazi, ndipo ukachuluka umasokoneza kagundidwe ka mtima popanda chizindikiro chodziwikiratu. N'chifukwa chake amati uziyezedwa miyezi itatu iliyonse m'chaka choyamba, kenako kamodzi pachaka. Ine ndimakwera minibasi kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kukayezetsa potaziyamu ndi impso, ndipo ndalama yake ndimaisunga padera ngati ya lendi. Mankhwala ena wamba amakweza potaziyamu akaphatikizana ndi spironolactone. Cotrimoxazole, uja timati bakitirimu, amene ambiri omwe ali pa ma ARV amamwa tsiku lililonse, ndi mmodzi mwa iwo. Enanso ndi bulufeni, diclofenac ndi enalapril. Ukatsegula m'mimba, kusanza kapena kudwala malungo, ngozi imakula chifukwa thupi lauma. Ma ARV okha musasiye poopa kuti alimbana ndi mahomoni. Aja a dolutegravir, omwe ambiri akumwa masiku ano, sasokoneza estradiol. Amene amaichepetsa mphamvu ndi rifampicin wa TB, ndipo pamenepo chofunika ndi kuuza adokotala, osati kudziwonjezera mlingo.

Pa nsapato, chonde musadzipanikize. Ndaona anzathu akugula gogoda wocheperapo ndi nambala yathunthu, akuti phazi lizolowere. Phazi silizolowera, limapunduka. Zala zimapindika, chikhadabo chimalowa m'mnofu, fupa la m'mbali mwa chala chachikulu limatukuka, mapeto ake phazi limaoneka lalikulu kuposa kale ndipo kuyenda kumawawa. Kwa amene ali ndi shuga, kabala ka nsapato yothina kakhoza kukula mpaka kudulitsa chala. Gulani madzulo, yesani mutaimirira, ndipo kutsogolo kwa chala chotalika kutsale mpata wa sentimita imodzi. Nsapato zachikazi zambiri amazisoka zopyapyala kuposa zachimuna za nambala yomweyo, ndiye kukwera ndi theka kapena nambala imodzi si chachilendo. Monga telala ndinganene kuti maso amanyengeka ndi kasokedwe. Nsapato yozungulira kutsogolo, ya mtundu wakuda kapena wofanana ndi khungu, yokhala ndi lamba wodutsa pamwamba pa phazi, imaoneka yaifupi kuposa yosongoka yowala. Ndipo osoka nsapato a m'misika yathu amatha kukupangira sandasi yokongola ukawapatsa katoni ya phazi lako.

Chovuta kwambiri kwa ambiri a ife ndi kutsegula pakamwa kuchipatala. Mnzathu uja akanabisa za mapiritsi, adokotala akanataya nthawi kufufuza zina. Simukakamizidwa kufotokoza mbiri ya moyo wanu wonse kwa aliyense wovala zoyera, koma dzina la mankhwala ndi kuchuluka kwake ayenera kudziwa, chifukwa ndi zimene zimawauza choyeza ndi mankhwala oti asakupatseni. Ine ndinalemba pakapepala maina a mankhwala anga, mlingo wake ndi mwezi womwe ndinayamba, n'kukaika mkati mwa buku langa la kuchipatala. Mawu akandithawa ndimangopereka kapepalako. Achemwali nawonso ali ndi kena kofanana nako, kuti tsiku lomwe ndingadzafike kuchipatala ndili chikomokere adzakapereke ndi iwo.